KAMPATA KAKANG'ONO KAMENE KAMASUNGA INJINI

Amene mwangoweruka kumene pa nchito, khalani pansi mupumule. Amene muli kukonzekera shifiti ya usiku, cherani khutu pang'ono musanatuluke m'nyumba. Lero ndifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono kwambiri, kocepa kotero kuti timatsitsi tiwiri kapena titatu ta m'mutu mwanu tingathe kukatseka, koma kamene kakasowa kangathe kumthera munthu malipiro ace a mwezi wathunthu. Kanthuko ndiko kampata kamene kamatsala pakati pa nsonga ziwiri za ring'i ya pisitoni, m'injini ya kanjinga ka moto.

Tinjinga timene ndiri kunena ndi tija tating'ono, ta injini ya 50 cc kapena kupitirirapo pang'ono, timene Azungu amaticha mopedi. Dzinali linayambira ku Sweden m'caka ca 1952, pamene wolemba nyuzi wina, Harald Nielsen, anaphatikiza mau awiri, lina lonena za injini ndi lina lonena za zopalasira. Ku France anayamba kupanga Mobylette mu 1949, ku Germany NSU Quickly mu 1953, ndi ku Austria Puch Maxi mu 1969. Ku Japan nako kunaturuka Honda Super Cub mu 1958, imene iribe zopalasira koma injini yace ndi ya msinkhu womwewo. Pofika caka ca 2017 anali atapanga njinga za dzina limeneli 100,000,000, ndipo injini zambiri zazing'ono zocokera ku China zinatengera mapangidwe ace. Cotero zimene ndinene lero zithandiza mwini wace wa iri yonse ya njinga zimenezi.

Munthu wa nchito akagula kanjinga kotere, kawiri kawiri kamakhala kakale, kogula kwa mnzace ndi ndalama zimene anasunga miyezi yambiri. Kanjingako ndiyo miyendo yace: kamamfikitsa ku nchito, kamanyamula ufa, kamatengera mwana ku cipatala usiku. Tsono kakayamba kufooka pa citunda ndi kubvuta kulira m'mawa, anzace amamuuza kuti, "Sintha maring'i." Mau amenewa ndi oona, koma ndi theka cabe la nkhani.

COLAKWA CANGA

Ndiyambe ndi colakwa canga, pakuti ndico cinandiphunzitsa. Pamene ndinali mnyamata wothandiza m'garaji ina ya ku Migodi, wosadziwa zambiri koma wodziyesa wodziwa zonse, bambo wina wa pafupi ndi kwathu, wa ana asanu, amene anali kugwira nchito pansi pa mgodi, anandipempha kuti ndiwakonzere kanjinga kao. Maring'i atsopano anali atagula kale. Ndinagwira nchitoyo Loweruka madzulo pansi pa mtengo wa mango, ndinatsuka zonse bwino bwino, ndinabveka maring'i pa pisitoni, ndinamanga, ndipo injini inalira pa kuponda koyamba. Bambo aja anandiyamika pamaso pa anthu, ine ndinapita kukagona ndiri wonyada.

Lolemba m'mamawa, atayenda makilomita owerengeka, injini inagwira mwadzidzidzi. Gudumu la kumbuyo linakwekwerezeka, iwo anagwera m'mbali mwa mseu, nasupuka bondo ndi cigongono. Anakankha kanjingako mpaka ku mgodi, koma anapeza keji itatsika kale, ndipo tsikulo analembedwa kuti sanabwere pa nchito.

Makanika wamkuru wa pa garaji pathu, nkhalamba ya mau ocepa, anamasula injini ija ine ndiri kupenya. Silinda inali ndi mizera yakuya kucokera pamwamba kufikira pansi, ring'i ya pamwamba inali itathyoka pawiri, ndipo nsonga zace zinali kunyezimira ngati ndalama yatsopano. Anandionetsa nsongazo nati, "Mwana wanga, kodi mpata unayesa?" Ine ndinati, "Mpata wanji, bambo? Maring'i anali atsopano, ndinawacotsa ndekha m'pepala lao." Iwo anati, "Atsopano inde. Nanga nsapato yatsopano imamkwana munthu ali yense?" Ndalama za kubowoletsa silinda ndi kugula pisitoni yina ndinalipira ine pa miyezi itatu, koma tsiku la nchito la bambo aja ndi khungu la bondo lao sindinathe kubweza.

NCHITO YA RING'I

Kuti timvane, tiyeni tione poyamba cimene ring'i imacita. Pisitoni imakwera ndi kutsika m'kati mwa silinda, ndipo injini ikamazungulira ka 5,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti pisitoni iri kukwera ndi kutsika koposa ka 80 pa sekondi iri yonse. Pisitoni imapangidwa yocepa pang'ono kuposa silinda, cifukwa ndi ya aluminiyamu, imene ikatentha imakula pafupi fupi kawiri kuposa citsulo. Tsono pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda pamatsala malo pamene mphamvu ya moto ingathawire. Ring'i ndiyo mphete ya citsulo, yodula mbali imodzi, imene imakhala m'kangalande kozungulira mutu wa pisitoni, ndipo imadzitambasula yokha nikanikiza khoma la silinda.

Nchito zace ndi zitatu. Imatseka mpweya ndi moto kuti zisapyole kunka pansi. Imalandira kutentha kwa mutu wa pisitoni nikupereka ku khoma la silinda, kumene mphepo imakuziziritsa. Ndipo m'injini ya masitiroko anai, monga ya Honda, ring'i ya pansi imapala oilo pa khoma kuti asakwere kukapsa pamwamba. Nzeru imeneyi ndi yakale: John Ramsbottom, katswiri wa makina a sitima za pamtunda ku England, ndiye anapanga ring'i yodula yotere m'caka ca 1852. Kale lonse anthu anali kukulunga zingwe zopota pa pisitoni ya injini ya nthunzi, zimene zinali kutha msanga.

CIFUKWA CACE CA MPATA

Inu a ku migodi mumadziwa njanji. Pa njanji zomanga ndi mabauti, pamene zitsulo ziwiri zikumana amasiyapo mpata, cifukwa citsulo cikatentha cimatalika, ndipo cikasowa kopita cimapindika. Inu a m'nyumba za malata mwamva denga liri kulira thethethe dzuwa likakwera mwezi wa October. Amenewo ndi malata ali kutalika. Ring'i nayo iri cimodzi modzi. Imakhala pafupi ndi moto, ndipo imatentha kuposa silinda, imene iri ndi zipsepse zace kunja zolandira mphepo.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Silinda ya Puch Maxi m'kati mwace ndi mamilimita 38, ndipo pisitoni imayenda mamilimita 43. Ring'i yozungulira m'silinda yotere, mutaiwongola, ingatalike mamilimita 119. Citsulo ca ring'i cimatalika pafupi fupi magawo 11 mwa magawo 1,000,000 pa digiri iri yonse ya kutentha. Tsono ngati ring'i itentha kuposa silinda ndi madigiri 100, idzatalika ndi mamilimita 0.13. Nkocepa ndithu, kongopitirira pang'ono kucindikala kwa pepala lolembapo kalata. Koma ngati mpata umene munasiya ndi 0.05 cabe, nsonga ziwirizo zidzagundana injini ikangotentha, ndipo ring'i, posowa kotalikira, idzakankha khoma la silinda ndi mphamvu yaikuru. Oilo amafinyika nacoka, citsulo cikhuda citsulo, kutentha kuonjezeka, ring'i italikanso, kufikira ithyoka kapena igwira. Izi ndizo zinacitika pa mseu Lolemba lija.

Nanga mpata ukakula kopitirira? Pamenepo mpweya wina umathawira pansi, injini imacepa mphamvu pang'ono, imabvuta kulira m'mawa, ndipo m'mbali mwa pisitoni mumada ndi mwaye. Ndi bvuto inde, koma njinga imakufikitsani kwanu. Cotero sungani mau awa: mpata wokulirapo pang'ono umadya mphamvu pang'ono, koma mpata wocepa umadya injini yonse. Mukakayika, lakwirani ku mbali ya kukula.

MPATA WOYENERA

Woweruza woyamba ndi buku la njinga yanu, kapena kapepala kamene kabwera ndi maring'i. Ngati pali nambala yolembedwa, tsatani imeneyo. Mabuku ambiri a injini za msinkhu uwu amalemba mpata wa pakati pa mamilimita 0.15 ndi 0.35 kwa ring'i yatsopano. Koma pakuti ambiri a ife tinagula njinga zopanda buku, pali lamulo lakale la amakanika: pa inchi iri yonse ya kukula kwa silinda, siyani mpata wosacepera 0.004 ya inchi. M'mamilimita nkosabvuta: tengani kukula kwa silinda, mucurukitse ndi 0.004. Silinda ya mamilimita 38 ifuna mpata wosacepera 0.15. Ya mamilimita 40, monga ya NSU Quickly, ifuna 0.16. Ya mamilimita 47, monga ya Honda C70, ifuna 0.19. Kumbukirani kuti nambala zimenezi ndizo malire a pansi. Kupitirira pang'ono kulibe kanthu, koma kucepera iai.

Anyamata ena amacotsa silinda ya 50 cc naikapo yaikuru ya mamilimita 45, imene pa injini ya Puch imafikitsa pa 68 cc, ngakhale ogulitsa amaicha 70. Silinda zotere zimatentha kwambiri kuposa ya poyamba, ndipo maring'i ace ayenera kuyesedwa ndithu. Mpata usacepere 0.18, ndipo 0.20 kapena 0.25 ndi wabwino koposa kwa munthu woyenda maulendo atali m'cirimwe.

Ciwiya coyesera mpata ndico feeler gauge, timalilime ta citsulo topyapyala tomangidwa pamodzi ngati mpeni wopinda, kalikonse kolembedwa kucindikala kwace. Mtengo wace ndi wocepa kwambiri kuposa wa pisitoni. Koma cenjerani pano: mageji akale, amene ambiri tinalandira kwa makolo athu a ku mashopu a mgodi, analembedwa m'magawo a inchi. Pa geji yotere, nambala 6 ndiyo ilingana ndi mamilimita 0.15, ndipo nambala 15 ndi mamilimita 0.38. Yang'anani bwino geji yanu musanaikhulupirire.

KAYESEDWE KACE

Coyamba, ukhondo. Gwirani nchito pa thebulo kapena pa thumba loyera, osati pa dothi. Mukacotsa silinda, tsekani pakamwa pa injini ndi nsaru yoyera, kuti kanthu kangagwere m'kati. Tsukani silinda, ndipo palani mwaye wa pamwamba pace.

Caciwiri, pisani cala m'silinda pafupi ndi pamwamba. Ngati cikhadabo canu cikodwa pa kamlomo kotukuka, ndiye kuti silinda yadyeka pansi pa kamlomoko, pamene ring'i yakale inali kulekezera. Ring'i yatsopano, pokhala ndi m'mphepete mwakuthwa, ingagunde kamlomo kameneko nithyoka. Silinda yotere ipite kwa anthu obowola.

Cacitatu, tengani ring'i imodzi yokha, yosabveka pa pisitoni, muifinye pang'ono ndi zala, muilowetse m'silinda. Tsono tengani pisitoni yopanda maring'i, muizondotse, mukankhe nayo ring'i ija ndi mutu wace kufikira itatsika mamilimita 10 kapena 15. Cifukwa ca kukankha ndi pisitoni ndi cakuti ring'i ikhale yowongoka mbali zonse. Ikapendekeka, geji idzakunamizani. M'injini ya masitiroko awiri, imene imamwa petulo wosakaniza ndi oilo, khoma la silinda liri ndi mazenera olowera ndi oturukira mpweya. Ring'i isakhale pa zenera poyesa, koma pamene khoma liri lathunthu kuzungulira konse.

Cacinai, cotsani pisitoni, penyetsani silinda ku dzuwa, ndipo mudzaona kampata kaja. Lowetsani lilime la geji pakati pa nsonga ziwiri, kuyambira lopyapyala kunka ku locindikala. Lilime loyenera ndi limene lilowa likukhuda mbali zonse ziwiri, lokoka pang'ono ngati mpeni m'sopo. Musakakamize, pakuti mukakakamiza muli kukankha ring'i, osati kuyesa. Lembani nambalayo pa pepala.

Cacisanu, tsitsani ring'i yomweyo kufikira pansi pa silinda, pamene maring'i akale sanali kufika, muyesenso. Apa pali nzeru imene ipulumutsa ndalama. Silinda ikakula ndi gawo limodzi, mpata wa ring'i umakula ndi magawo atatu ndi kanthu, ndiko kunena 3.14. Tsono ngati pansi mwapeza 0.20 ndipo pamwamba 0.45, kusiyana kwace ndi 0.25, mukagawa ndi 3.14 mupeza kuti silinda yadyeka mamilimita 0.08 pamwamba. Kwa silinda yaing'ono cotere nkwambiri, ndipo maring'i atsopano okha sangaicize. Ifunika kubowoledwa ndi kuikamo pisitoni yokulirapo; za Honda zimapezeka zokula ndi 0.25, 0.50 ndi kupitirira. Cotero ring'i imodzi ndi geji zakuuzani za moyo wa silinda yanu popanda ciwiya cina ca mtengo wapatali.

Citani comweco ndi ring'i iri yonse payokha. Musaganize kuti pakuti yoyamba iri bwino, yaciwiri nayonso iri bwino.

KUPALA NSONGA

Mukapeza kuti mpata ndi waukuru kopitirira pa silinda yabwino, palibe mankhwala. Citsulo cocoka sicibwerera. Mwina anakugulitsani ring'i ya injini yina, ndipo muibweze. Koma mpata ukacepa, mungaukuze ndi tupa.

Tengani tupa laling'ono, lafulati, la mano osalala, mulimange pa vaisi kuti lisagwedezeke. Tupa likhale cete, ring'i ndiyo iyende. Gwirani ring'i pafupi ndi nsonga ndi manja onse awiri, ndipo palani nsonga imodzi yokha. Inzace muisiye monga inacokera ku fakitale, kuti ikhale yokuonetsani ngati mwapala mowongoka. Mano a tupa adye kucokera ku mbali ya kunja ya ring'i kunka ku mbali ya m'kati, cifukwa maring'i ambiri anakutidwa ndi kromu kunja kwao, ndipo mukapala coturuka kromuyo amabenthuka. Palani katatu kapena kanai cabe, pukutani, bwezerani m'silinda, wongolani ndi pisitoni, yesani. Mudzabwereza kasanu kapena kakhumi, ndipo mtima udzafuna kufulumira. Koma akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Amene apala kakhumi nthawi imodzi amagula ring'i kawiri.

Poyesa pamene muli kupala, tsatani malo opanikiza koposa mwa malo onse amene ring'i imayendamo, pakuti ndi pomwepo nsonga zidzayamba kugundana. Mukafika pa nambala yanu, finyani ring'i kuti nsonga zikumane, muipenyetse ku kuwala: nkhope ziwirizo zikhudane monsemo, osasiya kampata konga mcira wa nsomba. Potsiriza cotsani timinga ta citsulo ta m'mphepete ndi kamwala konolera, mopepuka, osazunguza ngondya, ndipo tsukani ring'i m'parafini.

Eni ace a injini za masitiroko awiri, imvani ici. M'kangalande ka pisitoni yanu muli kamsomali kakang'ono kokhomeredwa. Nchito yace ndi kuletsa ring'i kuti isazungulire, pakuti nsonga ikafika pa zenera imatumphukira m'menemo nithyoka. Nsonga za ring'i zinasemedwa kuti zikumbatire kamsomaliko. Mukatha kupala, bvekani ring'i pa pisitoni, muifinye pa kamsomali, muone ngati ilowa yonse m'kangalande. Ngati posemedwa paja pagwira kamsomali nsonga zisanakumane, kuzanipo pang'ono ndi katupa kobulungira, cifukwa apo ring'i ikatalika idzakankha kamsomali m'malo mwa kutseka mpata umene mwabvutikira.

POMANGA INJINI

Tingalande ta pisitoni tiyere. Cibenthu ca ring'i yakale ndico copalira cabwino. Palani mwaye wokha, osati aluminiyamu. Gubuduzani ring'i yatsopano m'kangalande kuzungulira konse, muone kuti siigwira pena pali ponse, ndiponso kuti siigwedera kukwera ndi kutsika. Ngati igwedera kwambiri, pisitoni yatha.

Silinda ya citsulo imene munayenda ring'i yakale imasalala ngati galasi, ndipo ring'i yatsopano siikhazikika msanga pa khoma lotere. Ikwecheni pang'ono ndi sanipepa wosalala wonyowetsa ndi parafini, mizera ipingasane, kenaka muitsuke ndi sopo ndi madzi otentha kufikira nsaru yoyera ituruka yosada, muiumitse ndi kuidzoza oilo pomwepo. Koma dziwani kuti masilinda ena ndi a aluminiyamu okutidwa m'kati ndi kromu, kapena ndi Nikasil, imene kampani ya Mahle ya ku Germany inaturutsa mu 1967. Otere sabowoledwa monga a citsulo, ndipo m'silinda ya kromu musaikemo ring'i ya kromu, cifukwa ziwirizo zimadyana.

Maring'i ambiri a tinjinga iti ndi a citsulo cosapindika, cimene cimathyoka ngati bisiketi. Pobveka, tambasulani ndi zala zazikuru pang'ono pokha polola kuti ipite pa mutu wa pisitoni. Njira yakale ndi kudula timizere titatu ta citini, kutiimika kuzungulira pisitoni, ndi kutsetsereza ring'i pamwamba pace kufikira pa kangalande kace. Yambani ndi ya pansi. Ngati pa ring'i pali cilembo kapena kadontho pafupi ndi nsonga, mbali imeneyo iyang'ane kumwamba. M'injini ya masitiroko anai mulibe kamsomali, cotero mipata ya maring'i atatuwo muitalikitse, wina apa, wina apo, wina uko, monga mafuwa atatu a pa moto, kuti isapange njira imodzi yothawira mpweya. Pa pisitoni ya masitiroko awiri, mubvi wolembedwa pamutu nthawi zambiri umaloza ku ekizosi.

Dzozani oilo pa pisitoni ndi m'silinda, finyani maring'i ndi zala, ndipo tsitsani silinda mowongoka, osaipotoza, kuti nsonga ingakodwe pa zenera. Ikakana kutsika, imani. Pali ring'i imene yakwera pa kamsomali. Nyundo iribe malo pa nchito imeneyi. Musanamange mutu, zunguzani injini ndi dzanja kangapo, mumve ngati iyenda mofewa.

MASIKU OYAMBA

Ring'i yatsopano ndi khoma la silinda zifuna nthawi kuti zizolowerane. Pa makilomita 500 oyamba musatsegule mafuta onse, musanyamule katundu wolemera, ndipo lolani injini ifunde pang'ono musananyamuke m'mawa. Oilo wa m'petulo akhale monga buku linena: pa muyeso wa 1 kwa 25 ndi mamililita 40 pa lita imodzi, pa 1 kwa 50 ndi mamililita 20. Yesani ndi kabotolo, osati ndi maso. Ndipo samalani sefa ya mpweya. Pfumbi la m'miseu yathu ndi la ku miulu ya mgodi, makamaka kuyambira August kufikira mvula itagwa, likalowa m'injini limasakanizika ndi oilo nilikhala ngati mwala wonolera. Lingathe kukuza mpata umene munayesa bwino m'miyezi yowerengeka.

Ndinene zoona kuti si injini iri yonse yogwira imene yagwira cifukwa ca ring'i. Oilo akasowa, kapena mpweya ukamalowera pa gasiketi yong'ambika, kapena kabureta ikamapereka petulo wocepa, injini imatentha nigwiranso. Cizindikiro ca mpata wocepa ndi cija anandionetsa makanika wamkuru uja: nsonga zonyezimira, zopekesana. Mukamva injini iri kulemera mwadzidzidzi pa mseu, tsekani mafuta, gwirani kilachi ngati njinga yanu iri nayo, patukani, ndipo muilole izizire. Kucedwa theka la ora kuposa kugona m'cipatala, kuthamanga sikufika.

KWA AMENE SAKONZA OKHA

Ambiri a inu simumasula injini nokha, mumapereka kwa makanika wa pa msika. Alipo amakanika abwino ambiri pansi pa mitengo ya m'matauni mwathu, koma alipo enanso onga ine wa tsiku lija. Cotero popereka njinga funsani mwaulemu kuti, "Bambo, kodi mpata wa maring'i mudzayesa? Ndingaone nao?" Makanika wodziwa nchito yace sadzakwiya, adzaturutsa geji yace nakuonetsani, ndipo adzakulemekezani. Amene ati, "Maring'i atsopano safuna kuyesa," mutsazikeni bwino, mukankhe njinga yanu kunka kwina. Musacite manyazi kufunsa, pakuti ndalama ndi zanu, ndi mafupa amene adzakwera pa njingayo ndi anu. Safunsa anadya phula.

Bambo aja anandikhululukira, ndipo patapita zaka ziwiri anabweranso ndi kanjinga komweko kuti ndikakonze. Tsiku limenelo anakhala pa mpando pambali panga, ine ndinayesa ring'i iri yonse pamaso pao, pamwamba ndi pansi, iwo akulemba manambala pa cikwama ca fodya. Nchito yonse ya kuyesa inatenga mphindi zosafika 30.

Tsono tibwereze mwacidule, kuti amene muli ndi pensulo mulembe. Yesani ring'i iri yonse m'silinda yace isanabvekedwe pa pisitoni. Iwongoleni ndi mutu wa pisitoni. Tsatani nambala ya m'buku. Buku likasowa, curukitsani kukula kwa silinda ndi 0.004, ndipo mpata usacepere pamenepo. Yesani pamwamba ndi pansi kuti mudziwe kudyeka kwa silinda. Palani nsonga imodzi, pang'ono pang'ono, kucokera kunja kunka m'kati. Penyani kamsomali. Ndipo mukakayika, mpata ukule, usacepe.

Amene muli ndi mafunso pa nkhani imeneyi, lembani makalata, muchule dzina la njinga yanu ndi kukula kwa injini yace, ndipo tidzayesa kuwayankha. Inu a shifiti ya usiku, pitani bwino, mukaturuke bwino. Enanu nonse, gonani bwino.